Chipilala cha mtendere pamwamba pa mapiri a Andes, ndi funso la kwathu kuno ku Mangochi

Mlangizi wa ulimi, Mangochi Boma:
Akuluakulu nonse a pa gulu lino, ndakupatsani moni. Mwezi wa Febuluwale ndinali mumzinda wa Mendoza m'dziko la Argentina ku maphunziro a ulimi wamthirira, ndipo pa tsiku lopuma eni dera anatitengera kumapiri a Andes kukaona chiboliboli chotchedwa Cristo Redentor de los Andes, chomwe chinaimikidwa pamalire penipeni pa Argentina ndi Chile. Ndikufuna ndikufotokozereni zomwe ndinaona chifukwa zandisiyira funso lokhudza boma lathu lino.

Chibolibolichi chili pamtunda wa mamita 3,832, kutanthauza kuti munthu ukaima pamenepo wapitirira nsonga ya Sapitwa ya ku Mulanje ndi mamita oposa 800. Galimoto imasiya msewu wa tala pakamudzi ka Las Cuevas n'kuyamba kukwera msewu wafumbi wokhotakhota, womwe umapitika m'miyezi yotentha yokha chifukwa nyengo yachisanu umakwiririka ndi chipale chofewa. Pamwambapo palibe mtengo ngakhale umodzi, ndi miyala yokhayokha ndi dothi lofiirira. Mphepo yake imakankha munthu, ndipo nditangoyenda pang'ono kuchoka pagalimoto mtima unayamba kugunda mothamanga, mpweya ukundiperewera, zala zitauma moti ndinkalephera kugwira foni bwinobwino. Chiboliboli chenichenicho ndi chamkuwa, chotalika pafupifupi mamita 7, chaima pampira wosonyeza dziko lapansi, dzanja lamanzere litagwira mtanda, lamanja litakwezedwa podalitsa.

Mbiri yake ndi iyi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 maiko awiriwa ankalimbirana malire a m'mapiriwa, ndipo aliyense anali kalikiliki kugula sitima zankhondo. Mu Meyi 1902 anasainirana mapangano osiya mpikisano wa zidawo, ndipo chaka chomwecho Mfumu Edward VII ya ku Britain, yomwe onse anaivomera kukhala mkhalapakati, inagamula za malire. Mmisiri wina wa ku Buenos Aires, Mateo Alonso, ndiye anaumba chibolibolicho, ndipo mayi wina, Ángela Oliveira Cézar de Costa, analimbikira kuti chisakhale mumzinda koma chikwezedwe kumalire komwe kunali mkangano. Anachinyamula chili zidutswazidutswa pa sitima yapamtunda, kenako nyulu zinakwera nacho phiri, ndipo pa 13 Malichi 1904 anthu pafupifupi 3,000 a mbali zonse ziwiri, asilikali omwe, anasonkhana kuchitsegulira. Pali mawu olembedwa pamenepo onena kuti mapiriwo adzayamba ndiwo kugumuka anthu a maiko awiriwa asanaswe mtendere womwe analumbirira pamalopo.

Funso langa ndi lakuti, kodi ife a ku Mangochi, omwe tili ndi mapiri athu, malire athu ndi mbiri yathu ya nkhondo, tili ndi malo ati okumbukirira mtendere?

Mphunzitsi wopuma, Namwera:
Alangizi, mwafunsa funso lomwe ndinkalifunsa ana a sukulu ndikawatengera pa Boma. Taganizani zomwe mlendo amaona akangofika pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Amaona nsanja ya wotchi yomangidwa pokumbukira Mfumukazi Victoria, yomwe inamwalira mu 1901 isanapondepo dziko lino. Pambali pake amaona mfuti yaikulu yochokera pa sitima ya Guendolen, sitima yomwe mu Ogasiti 1914 inakaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann padoko la Sphinxhaven, komwe lero ndi ku Liuli ku Tanzania. Chachitatu ndi chikumbutso cha anthu 145 omwe anamira ndi sitima ya Vipya pa 30 Julayi 1946. Chomalizachi chokha ndiye chimalira maliro a anthu wamba. Zinazo zikukamba za mphamvu za atsamunda.

Ndiye tikakwera kuno kumtunda tili ndi mabwinja a linga la Fort Mangochi, lomwe Angerezi anamanga atagonjetsa Mfumu Jalasi mu 1895. Makoma ake amiyala akadalipo m'nkhalango, okhuthala kwambiri, ndipo munthu ukaima pamenepo umamvetsa chifukwa chomwe Jalasi anasankhira phiri limenelo, pakuti mdani amaonekera patali. Ngati pali malo m'boma muno oyenera chipilala cha mtendere, ine ndikuti ndi amenewo, chifukwa pamenepo panakhetsedwa mwazi ndipo nkhani zake zikadali m'kamwa mwa anthu a kuno.

Mayi wa bizinesi ya nsomba, Malindi:
Alangizi, ine chomwe ndikufuna kumva ndi chakuti anthu omwe munawapeza pamwamba paja anali otani. Kodi anali eni dziko kapena alendo okhaokha a makamera? Ndafunsa chifukwa chinthu chikaikidwa kutali ndi anthu, amene amachiona ndi okhawo ali ndi ndalama ya galimoto, ndipo agogo okalamba sangakwereko.

Mlangizi wa ulimi, Mangochi Boma:
Mayi, ambiri omwe ndinawapeza anali a ku Argentina ndi ku Chile komweko, mabanja athunthu, ena pa njinga zamoto, ena pa njinga zakapalasa. Ndinaona bambo wina wachikulire atamangirira mpango kukamwa akuwerengera mdzukulu wake mawu a pachipilalacho, chala chikutsata chilembo chimodzichimodzi. Komabe nkhawa yanu ili ndi maziko. Kuyambira mu 1980 magalimoto opita ku Chile amadutsa mumsewu woboola phiri kunsi kwake, choncho munthu akhoza kuwoloka malirewo osachiona n'komwe chibolibolicho. Poyamba chinali panjira yomwe apaulendo ankadzera, pamene lero amakafikako ndi okhawo achita kupatukira dala.

Mnyamata wa ku Makanjira, ali ku Johannesburg:
Makolo anga, mundikhululukire poti ndilankhula motsutsa. Chiboliboli chomwe a alangizi akuchitamachi sichinaletse kanthu. Mu Disembala 1978 maiko omwewa, Argentina ndi Chile, anatsala pang'ono kumenyana polimbirana zilumba zitatu za Picton, Nueva ndi Lennox kumwera kwenikweni, asilikali atandanda kale m'malire, chibolibolicho chili chiimire ndi mawu ake a lumbiro. Chomwe chinaletsa nkhondo ndi chakuti Papa Yohane Paulo II anatumiza Kadinala Antonio Samoré kukakhala pakati, ndipo zokambirana zinatenga zaka mpaka pangano linasainidwa ku Vatican mu Novembala 1984.

Chitsanzo china chili m'mapiri a Caucasus pafupi ndi Gudauri m'dziko la Georgia, komwe mu 1983 anamanga chipilala chachikulu cha ubale wa Georgia ndi Russia, chokongoletsedwa ndi zithunzi, pokumbukira zaka 200 za pangano la mu 1783. Mu Ogasiti 2008 maiko awiriwo anamenyana, ndipo chipilalacho chikadalipo, alendo akujambulitsapo.

Sindikunyoza mtendere ayi. Ife omwe tili kuno ku Joni tikuudziwa mtengo wake, chifukwa mu 2008, mu 2015 komanso mu 2019 tinaona abale athu akuthamangitsidwa m'nyumba chifukwa chokhala obwera, ena n'kubwerera kumudzi pa mabasi opanda ngakhale chikwama. Koma chimene chimatichotsa kwathu ndi kusowa kwa ntchito, ndipo ngati pali ndalama, ine ndingakonde msewu wa ku Makanjira ukonzedwe kusiyana n'kukweza simenti pamwamba pa phiri.

Mphunzitsi wopuma, Namwera:
Mwana wanga, zaka ndi maina omwe watchula ndi zoona, ndipo za msewu wa ku Makanjira palibe angakutsutse. Koma palibe mmisiri amene anaumbapo chinthu n'cholinga choti chigwire msilikali dzanja. Ntchito ya chipilala ndi kusunga mawu omwe anthu analonjezana, kuti mbadwo wobwera ukafuna kuwaswa udziwe kuti ukuswa kanthu. Ukumbukire kuti pangano la mu 1984 lija lisanasainidwe, boma la Argentina linafunsa anthu ake kudzera mu voti, ndipo ochuluka zedi anavomera mtendere ndi Chile. Sindikunena kuti anavota chotero chifukwa cha chiboliboli chokha, koma mtundu womwe wakula ukuphunzitsidwa kuti unalumbira pamaso pa mnansi wake umakhala ndi poyambira ukafuna kubweza atsogoleri ake.

Za ku Georgia n'zosiyana, ndipo kusiyana kwakeko n'kumene tiyenera kuphunzirapo. Chipilala cha ku Gudauri chinamangidwa nthawi ya Soviet Union, pomwe Georgia inali pansi pa ulamuliro wa ku Moscow, choncho ubale womwe chinkalengeza unali wolamulidwa kuchokera kumwamba. Cha ku Andes chinabwera pambuyo pa pangano la maiko awiri odziimira paokha, omwe aliyense akanatha kukana. Chipilala chomangidwa ndi wamphamvu pofuna kuuza wofooka kuti ndife abale chimafanana ndi nsanja yathu ya pa Boma ija.

Shehe, Mponda:
Assalam alaikum, ndipo mtendere ukhale kwa abale athu Akhristu omwe ali pa gulu pano. Ndawerenga zonse modekha, ndipo ndikufuna kuikapo mfundo imodzi isanafike nthawi yosankha malo. Ku Andes zinatheka kuimika chifaniziro cha Yesu chifukwa maiko onse awiri anali a Chikatolika, ndipo chifanizirocho chinali chinthu chomwe onse ankachilemekeza mofanana. Kuno kwathu anthu ambiri ndife Asilamu, ndipo chiphunzitso chathu sichilola kuumba kapena kusema chifaniziro cha munthu kuti chiimikidwe polemekezedwa, ngakhale munthuyo akhale mneneri. Mukaika chiboliboli cha munthu paphiri la kwa Jalasi mudzakhala mwayambitsa mkangano pamalo omwe mumafuna kuthetserapo mkangano.

Ndikunena izi ndikukumbukira Juni 2003, pomwe anthu anakwiya ndi kumangidwa komanso kutulutsidwa m'dziko kwa alendo asanu achisilamu, mkwiyowo n'kukathera pa matchalitchi a pa Boma omwe sanalakwe kanthu. Inali sabata yochititsa manyazi, pakuti ogenda ndi ogendedwa anali anthu ogula pamsika umodzi, ena apachibale chenicheni. Zitatha izo akuluakulu a mizikiti ndi a mipingo tinayamba kuyenderana, ndipo mpaka lero pamaliro timakhala pamodzi, wina akukumba manda, wina akuphika. Mtendere umenewu ndi womwe ine ndingafune kuti ukumbukiridwe, chifukwa ndi wathuwathu ndipo tinauvutikira. Ngati kudzakhale chipilala, chikhale cha mawu, cha miyala kapena cha zizindikiro zomwe shehe ndi m'busa angaime pambali pake onse popanda wina kuyang'ana kumbali.

Mlangizi wa ulimi, Mangochi Boma:
Ashehe, mfundo yanu ndailandira ndi manja awiri. Chomwe ndikufuna titengeko ku Andes ndi malo ake, oti chinaikidwa pomwe panali mkangano, komanso kuti mbali zonse zinakwera phiri tsiku limodzi. Maonekedwe ake akhale athu.

Mayi wa ku Chiponde:
Ine ndakhala chete chifukwa sindidziwa zambiri za maiko akutaliwo, koma za malire ndikuzidziwa popeza ndinabadwira pano, Mandimba ali patsidya pomwepa. Nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique ndinali mtsikana, ndipo ndikukumbukira anthu akulowa usiku kudzera m'minda, amayi atabereka ana awiri, wina kumbuyo wina kutsogolo, mapazi atatupa, ena atanyamula mphika wokha. Mayi anga anapatsa banja lina khitchini yathu kuti lizigonamo, ndipo linakhala nafe mpaka pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Dziko lathu, losauka chomwechi, linasunga othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi, koma kuno kumalire sindinaonepo mwala ngakhale umodzi wonena zimenezi. Ana obadwa pambuyo pake amangoona malole akuwoloka, sadziwa kuti njira zomwe amadutsa popita kumunda zinapulumutsa miyoyo.

Choncho aphunzitsi, ine sindikugwirizana nanu pa malo. Fort Mangochi ili mkati mwa nkhalango, ndipo mayi wa ku Malindi wanena kale za okalamba. Bwanji osaganizira pachitunda cha Chowe, pomwe msewu wochokera pa Boma umakwera kulowera ku Namwera ndi kuno ku Chiponde? Pamenepo ndi paphiri ndithu, munthu ukacheuka umaona chigwa chonse ndi madzi kumunsi, ndipo aliyense wopita kumalire amadutsapo, wa minibasi ndi wa kabaza yemwe.

Wosema ziboliboli, Chembe:
Zikomo mayi potchula Mozambique, chifukwa amisiri anzathu a kumeneko anachita chinthu chomwe ife a ntchito yamanja timachisirira. Mu 1995 bungwe la mipingo yachikhristu la dzikolo, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayambitsa ntchito yosinthanitsa mfuti ndi zipangizo. Munthu ankabweretsa mfuti yomwe anakwirira kumunda n'kulandira khasu, njinga, makina osokera kapena malata, ndipo zida zoposa 600,000 zinasonkhanitsidwa motero. Mfutizo ankazidula, amisiri a ku Maputo n'kuziwotcherera kukhala zinthu zina. Cristóvão Canhavato, yemwe amadziwika kuti Kester, anapanga mpando wachifumu wa mfuti zokhazokha mu 2001, ndipo pambuyo pake iye ndi anzake atatu anapanga mtengo waukulu wa zidutswa za zida, wokhala ndi tinyama m'munsi mwake. Ashehe aona kuti pa mtengo ndi pa mpando palibe nkhope ya munthu yoti ilemekezedwe.

Chondiwawa n'chakuti zonse ziwirizi zili ku British Museum ku London. Mayi wa m'chigawo cha Niassa ku Mozambique yemwe anapereka mfuti yake sadzaziona. N'chifukwa chake ndikugwirizana ndi mayi wa ku Chiponde kuti chathu chikhale pomwe anthu amadutsa.

Tsono ndilankhule monga mmisiri. Mtengo musauganizire n'komwe, chifukwa ngakhale m'bawa kapena mlombwa ukakhala padzuwa ndi pamvula umang'aluka, chiswe n'kumalizitsa, ndiponso moto wa m'tchire wa mu Seputembala sungausiye. Chitsulo ndi mkuwa zili ndi mdani wina, ogula zitsulo zakale, omwe atha kale zikwangwani za m'misewu. Chotsala ndi mwala wa pamalo pomwepo, womangidwa mouma kapena ndi simenti yochepa, mawu ake ogobedwa m'mwalamo ndi tchizulo osati opakidwa penti. Ntchito yotere imafuna manja ambiri kuposa ndalama, ndipo mudzi uliwonse ukhoza kubweretsa mwala wake. Luso lilipo m'dziko muno. Pitani ku Mua mukaone zomwe amisiri a pa KuNgoni akhala akuchita kuchokera pomwe Bambo Claude Boucher anayambitsa malowo mu 1976. Ndingopempha kuti ntchitoyo isadzaperekedwe kwa kontilakita womanga zimbudzi za pamsika, mmisiri n'kuitanidwa kumapeto kuti adzapake utoto.

Mnyamata wa ku Makanjira, ali ku Johannesburg:
Achimwene a ku Chembe, ngati ndi miyala yosenzedwa ndi midzi osati ndalama za khonsolo, theka la kutsutsa kwanga latha. Theka linalo likadalipo. Ndani adzalambule pamalopo chaka ndi chaka? Ndipo ndani adzaletse wandale kudzalembapo dzina lake nthawi ya kampeni? Chinthu choterechi chikangogwidwa ndi chipani chimodzi, a chipani china adzachiona ngati cha adani.

Namwino, Monkey Bay:
Funso limeneli ndi lofunika, koma ine ndili ndi lina lolemera kuposa apa, lomwe aphunzitsi analikhudza pang'ono n'kulisiya. Tikanena za nkhondo za m'ma 1890 tisaiwale chomwe chinkachitika m'dera lino nthawi imeneyo. Kwa Mponda, kwa Makanjira ndi kwa Jalasi kunkadutsa malonda a akapolo opita kugombe la nyanja yamchere, ndipo lero m'boma muno tikukhala limodzi zidzukulu za ogulitsa, zidzukulu za ogulitsidwa ndi zidzukulu za omwe anathawira m'zilumba ndi m'mapiri. Agogo anga aakazi ankatchula mudzi womwe agogo awo anagwidwako, ndipo ankautchula motsitsa mawu ngakhale m'nyumba mwawo momwe. Kwa ena Jalasi ndi ngwazi yomwe inakana atsamunda, kwa ena ndi dzina lomwe makolo awo ankaliopa, ndipo onsewa akunena zoona. Chipilala chomwe chingasankhe mbali imodzi ya nkhaniyi chidzapweteka anthu. Chomwe chingabise zonse chidzakhala chopanda mawu. Ndikufuna ndimve kuti pamwalapo padzalembedwa chiyani, m'zilankhulo ziti, ndipo adzavomereze mawuwo ndani.

Mphunzitsi wopuma, Namwera:
Anamwino, mwafika pamtima pa nkhani. Mawuwo sangalembedwe ndi gulu lino, ngakhale ndi mmisiri yekha. Ayenera kukambidwa pabwalo, mafumu a mbali zonse alipo, ashehe ndi abusa alipo, amayi omwe anasunga othawa nkhondo alipo, ndipo ngati kukambiranako kutenge zaka ziwiri, zitenge. Ku Andes nakonso pangano linayamba mu 1902, chiboliboli n'kubwera mu 1904. Zilankhulo zikhale Chiyao ndi Chichewa poyamba, kenako Chipwitikizi chifukwa cha abale a patsidya, Chingerezi chibwere pomalizira. Ine ndingakonde kuti pamwalapo pasakhale dzina la mfumu, la msilikali kapena la nduna, koma maina a midzi yokha, yomwe inagwidwa, yomwe inamenya nkhondo ndi yomwe inalandira alendo, yonse pamndandanda umodzi. Zikatero funso la wandale lija layankhidwa, chifukwa lamulo lidzakhala loti dzina la munthu sililembedwa.

Pa za malo, mayi wa ku Chiponde wandigonjetsa ndi mfundo ya msewu, ngakhale mtima wanga ukadali ku linga lija. Mwina tikaone malo onse awiri ndi maso tisanatsutsane zambiri.

Shehe, Mponda:
Maina a midzi ine ndavomera, ndipo ndikhoza kukaitula nkhaniyi kwa anzanga pambuyo pa swala ya Lachisanu. Ndikumbutsenso kuti Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la mtendere ndi umodzi mu 2022, lomwe limapereka mwayi wa makomiti a mtendere m'maboma. Nkhani ngati iyi ikadzera kumeneko idzakhala ya boma lonse, ndipo sidzaoneka ngati ya chipembedzo chimodzi kapena mtundu umodzi.

Mayi wa bizinesi ya nsomba, Malindi:
Ulendo wokaona malowo ukhale mvula itatha, chakumapeto kwa Meyi, udzu utayamba kuuma koma moto usanayambe. Ine ndidzabwera ndi amayi awiri achikulire a kwathu kuti tidzaone ngati angathe kufika pamalo omwe mukunenawo, chifukwa akalephera iwo ndiye kuti malowo sakuyenera.

Mlangizi wa ulimi, Mangochi Boma:
Zamveka mayi. Aphunzitsi, poti inu muli pafupi, mukayambe mwaonana ndi a mfumu a madera onse awiri, kwa Jalasi ndi kwa Chowe, kuti tisaponde malo awo ngati anthu osadziwa mwambo. Ine ndikafunsa ku ofesi ya zankhalango za chilolezo cholowera ku Fort Mangochi komanso za munthu wotilondolera njira, ndipo ndilembera a nthambi yoona za zinthu zakale kuti atiuze zomwe lamulo limalola pafupi ndi mabwinja otetezedwa. Achimwene a ku Chembe, mudzatenge nyundo ndi tchizulo kuti mudzayese miyala ya malo onse awiri ngati ingagobeke. Amene akufuna kupita nawo alembe pansipa mudzi womwe akuchokera, kuti tidziwe kukula kwa galimoto yoti tibwereke.